Mpata wa Agwape

Anthu a ku Indiana, ku Amereka, akamakumbutsana za chaka cha 2012 amayamba ndi chimanga chimene chinauma chili chiimire m'minda. Kwathu ku Bwanje amayamba ndi nkhokwe zimene zinaonekera pansi mwezi wa Ogasiti usanathe. Ine ndinali kuno, koma njala ya kwathu ndinkaimva pa foni Lamlungu lililonse. Ndikakumbuka chaka chimenecho, choyamba kubwera ndi fungo la lupsa, kenako kulemera kwa waya paphewa.

Meyi

Ndinafika ku Indianapolis nyengo yozizira ikutha. Amalume anga, a Kamwendo, ndi amene anandilembetsa pa mayere a ziphaso zobwerera kuno, dzina langa n'kutuluka. Ankagwira ntchito ya unamwino m'tauni, ndipo ankakhala ku Lawrence, m'mphepete mwa mzindawo, ndi akazi awo komanso mwana wawo Thoko, wa zaka khumi. Thoko ankamva zonse zimene ndinkanena m'Chichewa, koma ankayankha m'Chingerezi chothamanga moti ine ndinkangogwedeza mutu.

Sukulu yanga inali ya kumudzi, yoyendera. Chingerezi cholemba ndinali nacho, koma cholankhula chinkandithawa ndikangoona nkhope ya munthu. Ntchito ndinaifunafuna osaipeza.

“Uziapulaya paliponse, Gani,” amalume ankatero. “Koma akamakufunsa usamayang'ane pansi. Kuno ukayang'ana pansi amati ukubisa kanthu.”

“Chabwino, amalume,” ndinkayankha ndikuyang'ana pansi.

Chimene ndinkachidziwa bwino ndi ng'ombe. Bambo anga anali nazo zinayi, ndipo ndinaziweta kuyambira ndili wamng'ono. Imodzi, yofiira yokhala ndi mzere woyera m'khosi, ndinailera ndekha make atafa, ndipo ndinaitcha Mkanda. Khola lake tinamanga awiri, ine ndi bambo, chaka chimene fisi anakumba pansi pa khola lakale n'kutulutsa mwana wa ng'ombe. Titamaliza, bambo anazungulira khola lonse chokwawa, akulowetsa chibakera paliponse pamene panali kampata. Chibakera chikalowa ankangondiyang'ana, ine n'kuthamangira mtengo wina ndi luzi. Sanandiyamikire ndi pakamwa. Anangodzuka, n'kusasa fumbi m'maondo, n'kunena kuti, “Tsopano tigona.”

Mwezi umenewo alimi akuno anali atadzala kale, minda ikubiriwira. Kwathu anali atakolola. Amayi anandiuza pa foni kuti mvula inadula chimanga chikumasula, ndipo zonse zimene anatuta sizinadzaze ngolo.

Julayi

Kunonso mvula inadula. Kapinga wa pakhomo pa amalume anasanduka wotuwa, ndipo akuluakulu a mzinda analetsa kuthirira.

“Taona chilala cha kuno,” amalume anatero akuseka. “Anthu akulira kapinga.”

Koma ukangotuluka kunja kwa mzinda sunkasekanso. Masamba a chimanga anali atapindika ngati a anyezi, nthaka itang'ambika.

Tsiku lina anaimba foni a Zimba, mnzawo wa amalume wa ku South Bend. A Zimba anali mkulu wampingo wa opemphera Loweruka, ndipo ntchito yawo inali yosamalira odwala m'makomo. Amalume anakweza mawu a foni kuti nanenso ndimve.

“A Kamwendo, mphwanu uja akadali pa sofa? Kuno kuli mkulu wina, ndimasamalira akazi ake. Akufuna mnyamata wodziwa ng'ombe. Sakufuna pepala, akufuna manja. Mudzamudrope Lamlungu, azigona kwathu.”

Mkuluyo dzina lake anali a Walt, wamtali, wotsimphina mwendo umodzi. Malo awoawo anali aang'ono. Ng'ombe zawo zinkadya pa malo a boma, dambo lalikulu la udzu wachilengedwe kumwera kwa mzinda, kumene ankaloledwa kudyetserako chaka ndi chaka. Mlungu wapitawo moto unabuka m'mbali mwa msewu, woyatsa osadziwika, n'kusesa dambo lonse. Ng'ombe anazipulumutsa mothandizidwa ndi oyandikana nawo, koma mpanda unapita. Tsopano zinali zitapanikizana kuseri kwa nyumba, zikudya udzu wouma umene anasungira nyengo yozizira.

Anatitengera ine ndi a Zimba kudamboko pa pikapu yawo. Nditatsika, fungo linandigwira pakhosi. Linali lupsa lenileni, ngati la kwathu mwezi wa Okutobala. Nsanamira zinali zitasanduka zitsa zakuda, waya atagona pansi mopotanapotana.

“Gani, khasu wabwera nalo?” anatero a Zimba. “Pano mbewa zagona zambiri.”

“Kodi kuno amadya?”

“Yesera uone, akakutsekera. Ine za Sabata zinandiletsa kalekale, koma fungo ili likundiyesa.”

Madzulo ake ndikuthira madzi mu zomwera, ndinaona ng'ombe yaikazi yokalamba, yofiira, yoyera m'khosi. A Walt ankaitchula nambala ya pakhutu. Ine, pamene panalibe wondimva, ndinayamba kuitchula Mkanda.

Seputembala

Kunabwera mayi wina wa yunifolomu yobiriwira, woyang'anira malo a bomawo, dzina lake a Janet. Anaima ndi a Walt pakati pa phulusa, akulankhula mofulumira, akuloza uku ndi uku. Ine ndinaima patali chipewa chili m'manja, monga amachitira mwana akulu akamakambirana. Mawu amene ndinawagwira bwinobwino ndi amodzi okha, Epulo.

Pobwerera a Walt anandifotokozera pang'onopang'ono. Dambo lipume mpaka udzu watsopano utaphuka. Ng'ombe zidzalowanso pokhapokha mpanda utamangidwa motsatira malamulo awo, ndipo a Janet adzauyendera okha. Kenako anandilowetsa m'nyumba yosungiramo udzu n'kundionetsa mabelo, mitolo ikuluikulu ya udzu wouma.

“Awa atifikitsa kumayambiriro kwa Epulo, ngati sitiwononga,” anatero. “Akatha mpanda usanavomerezedwe, ng'ombe zonsezi zipita kumsika. Wandimva, mnyamata?”

“Ndamva, bwana.”

“Ndine Walt basi.”

“Chabwino, bwana.”

Udzu wouma unkakwera mtengo ngati chimanga cha Febuluwale kwathu. Alimi ambiri anagulitsa ziweto zawo msanga, ndipo malole onyamula ng'ombe ankadutsa pamsewu m'mawa uliwonse. Mphekesera nazo sizinachepe. Ena ankati mabelo akubedwa m'minda, ena ankati wina anadula chimanga chake chokanika n'kudyetsa ng'ombe, ng'ombezo n'kudwala. A Walt sankayankha zimenezo. Ankangoonjezera mapesi pa udzu, n'kumandiuza kuti ndizitola ngakhale wogwera pansi.

Masana tinkakumba maenje a nsanamira. Nthaka inali youma gwa, moti chitsulo chokumbira chinkangodumpha. Tinkathira madzi m'dzenje madzulo kuti tidzapitirize m'mawa. Manja anga anatuluka matuza, kenako anauma, ndipo kwa nthawi yoyamba chifikire kuno ndinkagona tulo ta munthu wodziwa chimene akudzukira.

Lamlungu lina bambo anabwera okha pa foni.

“Ndagulitsa yamphongo ija,” anatero. “Inali yaukali kale.”

Sinali yaukali. Tonse awiri tinkadziwa.

Novembala

Nsanamira zonse zitaima, akazi awo a Walt anadwala kwambiri, n'kuwatumiza kuchipatala chachikulu ku Indianapolis. A Walt ankakhala komweko masiku ambiri. Asanapite anandipatsa ndodo imene anailemba mizere inayi ndi mpeni.

“Mizere ya waya ndi inayi,” anatero. “Wapamwamba wosalala, wapansi wosalala, iwiri yapakati yaminga. Utsate ndodo iyi pa nsanamira iliyonse.”

Ndinaitsata. M'mawa ndinkadyetsa ng'ombe, kenako a Zimba ankandisiya kudambo popita ku shifiti yawo. Ndinkakoka waya, n'kukhoma, n'kuyeza, n'kukokanso. Mphepo inayamba kuluma makutu. Mvula imene inasowa chilimwe chonse inabwera mochedwa, ndipo pa phulusa panayamba kuoneka timasamba tobiriwira.

Nditamaliza ndinabwerera m'mbuyo kuti ndione ntchito yanga, ndipo mtima sunakhale pansi. Waya wapansi anali wofika m'bondo. Pansi pake panali mpata woti galu alowe osawerama, ngakhale munthu akhoza kukwawa. Ndinaganiza za ana a ng'ombe amene adzabadwe m'dambomo. Ndinaganiza za bambo akuzungulira mpanda wotero ndi chibakera chawo.

Madzulo ndinafunsa a Zimba mozungulira. “Kodi waya kuno ndi wodula?”

“Chilichonse n'chodula, mphwanga. Ndipo matenda a mayi aja awadyera zambiri. Mkulu uja sanena, koma wapanikizika.”

Pamenepo ndinaona ngati ndamvetsa. A Walt waya wawaperewera, ndipo akuchita manyazi kunena. Kwathu munthu wamkulu akamanga chinthu moperewera sumuuza pamaso. Umadikira achoke, n'kukonza mwakachetechete. Iye akabwera amapeza zili bwino, ndipo nonse awiri simuzitchula mpaka kalekale. Umenewo ndiwo ulemu umene ndinaleredwa nawo.

Waya waminga wakale, wopsa uja, tinali titamuunjika pakona kuti adzatayidwe. Ndinayamba kumuongola chidutswa ndi chidutswa, n'kumulumikiza. Ndinakoka mizere ina iwiri pansi pa wosalala uja, umodzi wokhudza udzu. M'malo otsika, mmene munkadutsa mikwaso ya nyama yopita kumtsinje, ndinatsekamo ndi miyala ndi zipika. Ndinkagwira ngakhale Loweruka, a Zimba ali kutchalitchi, ndipo masiku amenewo sindinawauze a Walt kuti andilipire. Pomaliza ndinazungulira mpanda wonse chokwawa, ndikulowetsa chibakera. Sichinalowe paliponse.

Mlungu womwewo kwathu kunagwa mvula yoyamba, amayi n'kudzala mbewu yobwereka. Kuno kunagwa chipale chofewa, choyamba kuchiona m'moyo wanga, ndipo chinakwirira waya wapansi yense. A Walt atabwera anayang'ana mpanda ali m'galimoto, mizere itaongoka mpaka kumtsinje. Anandigwira chanza mwamphamvu. Ndinaona ngati ndamva mawu a bambo aja akuti, “Tsopano tigona.”

Febuluwale

Akazi awo a Walt anamwalira mwezi wa Januwale. Maliro akuno ndi achete. Anthu anabwera, anadya pang'ono, n'kubwerera tsiku lomwelo. Ine ndi a Zimba tinakhalabe pabalaza mpaka a Walt anatifunsa ngati galimoto yathu yawonongeka.

“Ayi, tikungokhala nanu,” anatero a Zimba. “Kwathu namfedwa sasiyidwa yekha.”

A Walt anakhala pansi pafupi nafe. Kenako anati, “Ana anga akuti ndigulitse zonse ndikakhale kwa iwo m'tauni. Ndawauza kuti ndione kaye ng'ombe zikulowa mu udzu watsopano. Mkazi wanga ankakonda tsiku limenelo kuposa Khirisimasi.”

Msewu wa kudambo unatsekeka ndi chipale, choncho ntchito yanga inangotsala yodyetsa ndi kuswa madzi oundana mu zomwera. Mulu wa mabelo unkatsika. Ng'ombe zinayamba kuonekera nthiti, ndipo zikandiona zinkalira monditsatira. Yofiira ija mano anali atatha, ndiye ndinkaipatulira udzu wofewa n'kuima pafupi kuti zinzake zisailande.

Kwathu inali miyezi ija yoipa. Amayi ankati anthu akugona pamzere kumsika wa boma kudikira chimanga, ndipo chikabwera aliyense ankamupimira kathumba kosakwana mlungu. Ankadya kamodzi, madzulo, nthawi zina phala la gaga. Oyandikana nawo ena anagulitsa malata a padenga, ena anasiya minda yawo n'kumakalima ganyu kwa ena. Zimene ndinkalandira ndinkatumiza, koma zikamafika mtengo unali utakweranso, ndipo pakhomo pathu panali patawonjezeka ana a azakhali anga. Ng'ombe yachiwiri inapita mu Disembala, yachitatu mu Januwale.

“Mkanda sapita,” bambo anandiuza. “Ameneyo ndi wako. Udzamupeza.”

Lamlungu lachitatu la Febuluwale foni anayankha amayi. Ndinawafunsa za bambo.

“Agona,” anatero. Unali usana. Kenako anapumira m'mwamba. “Dzulo anapita ndi Mkanda kumsika. Mlongo wako wamng'ono miyendo yayamba kutupa, Gani. Anyamata anati awathandize kukoka chingwe, iwo anakana. Anamukoka okha mpaka kukafika.”

Nditatseka foni ndinavala jekete n'kupita kwa a Walt, ngakhale silinali tsiku langa la ntchito. Ndinakaima pafupi ndi ng'ombe yofiira ija, ndikuikanda m'khosi, mpaka zala zanga zinachita dzanzi.

Malichi

Chipale chitasungunuka, a Janet anabwera kudzayendera mpanda. Ndinavala shati yoyera mkati mwa jekete. Tinayamba kuyenda atatu, iwo patsogolo, a Walt pakati, ine pambuyo.

Sitinapite patali. A Janet anaima, n'kugwada, n'kugwira waya wanga wapansi. Pa minga panali ubweya wotuwa. Anayenda pang'ono, n'kupezanso wina. M'matope a m'mbali mwa mpanda munali mapazi a agwape ambirimbiri, opita ndi obwerera, njira yonse yopondedwa ngati ya kuchitsime. Pamalo otsika pamene ndinatseka ndi miyala tinapeza gwape wamng'ono, wobadwa chaka chathacho. Anayesa kudzipanikiza pakati pa waya, mwendo n'kukodwa. Anali atafa kalekale.

A Janet sanakalipe. Anatembenukira kwa a Walt n'kufunsa kuti, “Izi wachita ndani?”

A Walt anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana pansi.

“Gani, ndodo ija inali ndi mizere ingati?”

“Inayi, bwana.”

“Nanga iwiri iyi?”

Ndinafotokoza m'Chingerezi changa choduladula. Ndinanena za fisi, za khola la bambo, za chibakera. Ndinanenanso kuti ndinkaganiza kuti waya anawaperewera ndipo sindinafune kuwachititsa manyazi. A Walt anavula chipewa, n'kukanda m'mutu, n'kuchivalanso.

A Janet ndiwo analankhula, ndipo ulendo uno analankhula ndi ine, pang'onopang'ono. Anati dambolo si la ng'ombe zokha. Ng'ombe ndi alendo a miyezi yochepa, pamene agwape, ankhandwe ndi akamba amakhala momwemo chaka chonse, ndipo madzi awo ndi a mumtsinje uja. Agwape aakulu amadumpha, n'chifukwa chake waya wapamwamba ndi wosalala. Aang'ono amakwawa, n'chifukwa chake pansi pamasiyidwa mpata. Ng'ombe sikwawa. Mpandawo ntchito yake ndi kuletsa ng'ombe basi.

“Nanga zilombo zikalowa?” ndinafunsa.

“Afisi kuno kulibe,” anatero a Walt. “Ankhandwe aakulu alipo, koma waya sawaletsa. Amathamangitsidwa ndi amayi a ana a ng'ombe.”

A Janet anadzuka n'kupukuta matope m'maondo. “Ndakhala ndikuyendera mipanda zaka zambiri, wolimba chonchi sindinauone,” anatero. “Koma sindingauvomereze. Zonse za pansizi zichoke. Mukatha mundiitane.”

Pobwerera a Walt anaimitsa galimoto pa nyumba ya udzu ija. Mabelo otsala ukanatha kuwawerenga uli pakhomo.

“Unakhoma bwino?” anandifunsa.

“Kwambiri, bwana.”

“N'zimene ndimaopa,” anatero, n'kuseka pang'ono, kuseka kopanda mphamvu.

Epulo

Tinayamba kuzula awiri. Waya wopsa uja ankathyokathyoka, ndipo chidutswa chilichonse chinkafunika kutoledwa kuti ng'ombe isadzachimeze. Mwendo wa a Walt sunkalola kugwada. Pofika Lachisanu tinali tisanafike ngakhale pakona yoyamba.

Usiku wa Lachisanu chakudya chinandikanika, ndipo a Zimba anandipanikiza mpaka ndinawauza zonse. Anandiyang'ana, kenako anaseka mpaka kutsokomola.

“Ndiye iwe unawamangira agwape a ku Amereka khola la ku Ntcheu? Usadandaule, tiifikisa. Tiitana dima, anthu adzatithandize ngati kumudzi.”

“Dima kuno?”

“Bwanji? Manesi alibe manja?”

Koma anthu akuno sasonkhana ndi mfuu umodzi ngati kumudzi. Aliyense anali ndi shifiti yake, ndipo tsiku loyamba limene onse akanapezeka linali Lamlungu la mlungu winawo. Udzu sunadikire. Pakati pa mlungu a Walt anaitanitsa lole. Anasankha zokalamba zingapo kuti agulitse, apeze zogulira mabelo odyetsa zotsalazo. Yofiira ija inali m'gulu lomwelo.

“Ukhoza kupita kudambo, ndikweza ndi dalaivala,” anandiuza.

“Ayi, bwana. Ndiikoka ndekha.”

Ndinaimanga chingwe n'kuyenda nayo mpaka pa lole. Sinavute. Inakwera ikundinunkhiza m'thumba, mmene ndinkaisungira udzu wofewa.

Lamlungu kunabwera magalimoto odzaza. Amalume anachoka ku Lawrence m'bandakucha ndi banja lonse. Kunali manesi, ophunzira a ku yunivesite, ndi mkulu wina wophunzitsa masamu amene anabwera atavala nsapato za ku ofesi. Amayi ena ananyamula thobwa m'zigubu.

“A Kamwendo, lero mwajomba kutchalitchi?” anafuula a Zimba. “Bwerani kwathu basi, Lamlungu muzikhala omasuka.”

“Inu zulani waya, ulaliki wanu unatha dzulo,” amalume anayankha. “Gani! Unkakhoma ndi mkwiyo wanji? Msomali uwu ukukana.”

“Mwanayu musamunyoze,” anatero mayi wina. “Akanakhala kwathu bwenzi atakwatira kale ndi mpanda umenewu.”

Wina anayambitsa nyimbo yolimira, ena n'kuvomera, oiwala mawu akungong'ung'udza. A Walt ankayenda pambuyo ndi pikapu akutolera zidutswa. Anapatsidwa thobwa, analawa, anakwinya nkhope, kenako anapempha lina.

Dzuwa likupendeka tinagubuduza mwala womaliza pamkwaso uja. Amalume anaitana Thoko.

“Iwe, takwawa apa tione ngati gwape angadutse.”

Thoko anadandaula m'Chingerezi kuti adetsa buluku, koma anagona chafufumimba n'kudutsa pansi pa waya osakhudza. Atatulukira mbali inayo anakweza manja, anthu onse n'kuwomba m'manja. Kenako anandiyang'ana n'kunena m'Chichewa chake chopindika kuti, “Achimwene, ndadutsa.”

A Janet anabwera Lachiwiri. Anayenda mpanda wonse osaima.

Meyi

Tinatsekula chipata m'mawa, mame asanaume. Udzu wa palupsa unali utafika m'akakolo, wobiriwira kuposa wina uliwonse umene ndinauonapo kuno. Ng'ombe zinatsika m'lole zikukayika, kenako imodzi inathamanga, zonse n'kutsatira, zikudumpha ngati ana a ng'ombe, nthiti zili pamtunda. A Walt anatsamira nsanamira, chipewa atachitsitsira kumaso. Ndinawasiya okha n'kutsika cha kumtsinje.

Pamkwaso paja matope anali ndi mapazi atsopano, aakulu ndi aang'ono, olowa pansi pa waya n'kutulukira mbali inayo.

Lamlungu limenelo bambo anabweranso pa foni, koyamba chigulitsire Mkanda. Anati chimanga chacha bwino, ayamba kukolola, ndipo mlongo wanga wabwerera kusukulu. Kenako anafunsa za mpanda.

“Watha, bambo. Ng'ombe zalowa.”

“Chibakera chikulowa?”

“Chikulowa. Ngakhale mwana akukwawa n'kudutsa.”

Ndinamva nkhuku zikulira kumbuyo kwawo, ndi mawu a amayi akuitana wina.

“Ndiye fisi?”

“Kuno kulibe afisi, bambo. Mpatawo ndi wa agwape. Boma limafuna choncho.”

“Dziko lopanda fisi,” anatero pang'onopang'ono, ngati akulawa mawuwo. “Ndiye umagona tulo kumeneko.”

Ndinawafunsa za khola lathu, ngati analiphwasula kuti apeze nkhuni, poti linali lopanda kanthu.

“Kuphwasula? Dzulo lomweli ndasintha mitengo iwiri ya kumbuyo, chiswe chinadya. Ndazungulira lonse. Chibakera sichikulowa.”

“Koma mulibe ng'ombe, bambo.”

“Ndikudziwa,” anatero. “Ukadzabwera nazo usadzapeze mpata.”

A Walt anaweta ng'ombe zawo zaka zina zingapo asanapite kwa ana awo. Ine ndinapitiriza ntchito ya mipanda, ndipo lero ndine amene ndimadula ndodo ya mizere inayi n'kupatsa anyamata atsopano. Ndimawauza chifukwa cha mzere uliwonse, pang'onopang'ono, ngakhale asanafunse. Kwathu sindinapitebe. Chaka chilichonse mvula ikatha amayi amandiuza kuti bambo azunguliranso khola lija chokwawa, ngakhale maondo ayamba kuwavuta, ndipo madzulo amatseka pakhomo pake.